Mphatso Yomangidwa Patatu

Ku mpingo wina wa m'mapiri a pakati pa Mponela ndi Malomo, mphatso iliyonse yoti ikaperekedwe pamaso pa anthu inkayamba yadzera kaye pakhonde la Debora Nachisale. Kaya ndi mbale za mkwatibwi, kaya bulangete la mkulu wa mpingo amene akupuma pa udindo, kaya matewera a khanda la kwa abusa, anthu ankangoti, "Kasiyeni kwa anaChisale akakulunge." Zidayenda choncho zaka makumi awiri ndi zinayi. Palibe msonkhano umene udamusankha, ndipo palibe amene adamuveka udindowo. Ntchitoyo idangokhala yake, monga momwe malo a kumapeto kwa benchi lachitatu m'tchalitchi adakhalira ake.

Luso lakelo silidachokere kusukulu, pakuti adalekezera Sitandade 4. Lidachokera ku mfutso. Ali mtsikana kwawo ku Ntchisi, amayi ake ankamutuma kuthengo kukathyola masamba a msuku, aakulu opanda zibowo. Akabwera nawo ankakhala pansi onse awiri, kuyala tsamba pamwamba pa linzake, kuthira khwanya wouma pakati, kupinda, n'kuzenga ndi luzi mpaka chikwatu chitabulungika ngati dzungu. Chikasiya mpata ngakhale wolowa nyerere, amayiwo ankamasula chonse osanena kanthu, n'kumukankhira masamba aja kuti ayambirenso. Atakwatiwa ndi a Abrahamu Mbewe, mlimi wa fodya, adaphunzira china, kupinda ngodya. Belo la fodya likatuluka mujeke, makina ofinyira aja, iye ndiye ankasoka chiguduli, ndipo ngodya zake zinkatuluka zoongoka ngati za njerwa.

M'chaka cha 1998, mwana wa mlongo wake akukwatiwa, Nachisale adali ndi makapu anayi okha oti akapereke. Masiku amenewo anthu ankanyamula mphatso m'majumbo, ena m'nyuzipepala. Iye adachita manyazi ndi kuchepa kwa makapuwo. Adatenga thumba la simenti, nachotsa pepala la pakati lomwe silikhudza fumbi, nalisita ndi nsimbi yamakala, nakulunga katoni ya sopo momwe mudali makapu aja. Pamwamba adamangapo duwa la makoko a chimanga. Pa perekaniperekani, wolengeza adainyamula mphatsoyo m'mwamba, naitembenuzatembenuza mpaka kuiwala dzina la wotsatira. Makapu anayi aja adaomberedwa m'manja kuposa wailesi imene adapereka amalume ake a mkwati. Sabata yotsatira, pakhonde pake padafika amayi awiri ndi katundu wawo.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwa a Mbewe mudalibe chotaya. Makalendala akale ankatembenuzidwa kuti kuyera kukhale kunja. Makoko a chimanga ankawasankha pokolola, ofewa a m'kati, n'kuwaviika m'madzi a chikasu kapena a makungwa a mbawa malinga ndi mtundu umene akufuna. Guluu wake adali phala la ufa wa chinangwa. Chingwe chidali khonje lopota yekha pantchafu. Zosachedwa kusweka ankaziyala m'nsengwa pa utuchi, n'kuvindikira ndi nsengwa inzake, n'kusoka m'mbali ndi mlaza. Zing'onozing'ono monga ndolo kapena wotchi ankaziika m'kachikwatu ka masamba a msuku, ndipo akwatibwi ena ankakasunga osamasula mpaka mwezi utatha. Ana ake asanu adakula akudziwa kuti pepala silikwinyidwa, ndipo wokwinya ankamva m'makutu.

Anthu akamuyamikira ankayankha, "Ndi zinyalala chabe izi," nkhope ili pansi. Koma akafika kunyumba ankatha kutchula mmodzimmodzi amene adadutsa pathebulo la mphatso osanenapo kanthu.

Eveline adabwera m'chaka cha 2022, amuna ake, a Innocent, omwe adali aphunzitsi, atasamutsidwira ku sukulu ya pulayimale ya m'deralo. Adali mayi wa ana awiri, wobadwira ndi kukulira ku Lilongwe, woseka msanga, wopereka moni kwa aliyense. Sipadathe miyezi itatu adatsegula kashopu pa Mponela. M'menemo mudali mapepala onyezimira a golide ndi a siliva, ena a timaluwa, ena a timitima. Mudali maliboni a mitundumitundu, timatumba ta zogwirira toti munthu angoponyamo mphatso n'kunyamula, ndi pulasitiki yoyera ngati madzi imene amakutira beseni lonse, katundu n'kumaoneka m'kati.

Ukwati woyamba umene Eveline adakulungako udali wa mwana wa mlembi wa mpingo. Beseni lake litafika kutsogolo, litavala pulasitiki ija ndi liboni lofiira lalikulu ngati kabichi, amayi adaimirira ndi nthungululu. Atsikana adathamangira kukajambula ndi mafoni. Mphatso zisanu ndi ziwiri zokulunga Nachisale zidali pathebulo lomwelo, ndipo wina adazikankhira kumbali kuti zisalowe m'chithunzi.

"Mphatso yooneka m'kati ndi mphatso yanji?" adatero Nachisale atafika kunyumba, akupatsa amuna ake madzi osamba m'manja. "Ngati munthu wofunda neti ya udzudzu n'kumati wavala."

"Komatu anthu aja amaomba m'manja," adayankha a Mbewe.

"Anthu amaombera ngakhale galimoto yongodutsa."

"Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu ndiye wadza ndi sizasi yeniyeni."

"Mukakwatire komweko ngati sizasi yakusangalatsani."

"Ine ndi mano awiriwa? Angondikulunga m'pepala n'kukandisiya kwa ana anga."

Nachisale sadaseke.

Pakhonde padayamba kuzizira. Amayi amene kale ankakhala pamenepo masana onse akudikira katundu wawo tsopano ankadutsa njira ya kumunsi m'mamawa, kanthu katabisika m'chitenje. Akakumana naye ankati akupita kusikelo kapena kuchigayo. Nachisale ankawafunira ulendo wabwino, n'kumayang'ana ngodya ya katoni ikutukula nsalu kumsana.

Tsiku lina la msika adatsikira ku Mponela, ati kukagula mchere. Adaima kutsidya la msewu, kuseri kwa minibasi yodikira anthu, n'kumayang'ana m'kashopu muja. Adaona Eveline akutenga liboni, kulikanda kamodzi ndi msana wa sizasi, liboni lija n'kupotana lokha ngati kamchira ka nkhumba. Adamuona akupinda ngodya za bokosi osayang'anako n'komwe, uku akuseka ndi wogula, ngodyazo n'kutuluka zoongoka ngati zake zomwe. Apa ndi pamene padamupweteka. Akadakhala kuti Eveline akudalira mapepala okha, bwenzi Nachisale atabwerera kwawo mtima uli m'malo. Koma mwanayo manja adali nawo.

Adagula pepala limodzi lonyezimira m'golosale ina ya kumtunda, nalibisa pansi pa mchere. Kunyumba adadzitsekera m'chipinda. Pepalalo lidakana phala la chinangwa, linkaterera m'zala, ndipo atalikoka pangodya monga amachitira ndi la simenti lidang'ambika mpaka pakati. Adaliponya pamoto. Silidayake bwino, lidangofota n'kununkhitsa khitchini yonse.

Patapita masabata angapo Eveline adafika yekha pakhonde, atanyamula shuga ndi buledi, nagwada.

"Amayi, maluwa anu a makoko aja andisowetsa mtendere. Mundiphunzitseko."

Kukana kukadamveka mudzi wonse, choncho adamuphunzitsa, manja akuthamanga dala kuti asaone bwino. Eveline adaona zonse. Pofika Khirisimasi, mphatso za ku Mponela zinkatuluka ndi maluwa a makoko, atawazidwa tonyezimira, atamatidwa pa pepala la golide. Aliyense womufunsa, Eveline ankamuuza zoona, kuti adaphunzira kwa anaChisale. Anthu ankawatchabe maluwa a Eveline. Ngakhale Vanessa, mwana wa Nachisale yemwe, wokwatiwa ku Kasungu, adatumiza chithunzi pafoni ya abambo ake ndi mawu akuti, "Auzeni amama aone zimene akupanga anzawo masiku ano, nawonso aphunzire." A Mbewe adawerenga mokweza asadaganize. Tsiku limenelo adadya ndiwo zopanda mchere.

Chidatsala chimodzi. Mabanja ankatha kupita kumene afuna, koma mphatso ya amayi a Chigwirizano, imene imanyamulidwa ndi nyimbo kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa, idali isadachokepo m'manja mwa Nachisale. Pamenepo ndi pamene adatsamiritsa mtima wake wonse.

Mu Julaye 2024 abusa adalengeza kuti akupuma. Matenda a shuga adali atawafooketsa. Adagonekedwapo kawiri m'chipatala ku Lilongwe, ndipo ulendo wachiwiriwo mbiri idamveka m'midzi kuti atisiya, anthu mpaka kuyamba kusonkhana, kenaka n'kumva kuti ndi bodza. Adabwerako ali owonda, jekete likulendewera m'mapewa. Amayi a Chigwirizano adagwirizana zowagulira kalipeti yaubweya yoti akayale pabalaza kumudzi kwawo, poti mapazi awo sankafunanso simenti yozizira.

Nachisale adayamba kukonzeka kalipetiyo isadafike n'komwe. Adaitanitsa mkeka watsopano wa mlaza wolukidwa mitundu itatu kuti ndiwo ukhale chokutira, ndipo makoko ofiira ndi achikasu adadzaza malichero awiri padenga la khola. Lachinayi, pa msonkhano wa amayi, kalipeti idagonekedwa kutsogolo, yopiringizidwa ngati mphasa, yaitali ngati munthu wamkulu. Iye ankaiyeza ndi maso. Apo wapampando, Lusiya Nankhoma, mnzake wa zaka zambiri, adatsokomola.

"Amayi, tsopano za kukulunga. Kudzabwera alendo ochokera ku Lilongwe, kudzakhalanso ojambula kanema. Ena apempha kuti ulendo uno tiyeseko mwana wathuyu, mayi aphunzitsi."

"Ena ake ati?" adafunsa Nachisale.

Amayi adayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Simukuchotsedwa ayi, anaChisale. Inu mudzanyamula nawo, kutsogolo kwenikweni."

"Ndamva, anaNkhoma. Paja bulu sakulunga, amangosenza."

Eveline adadzuka pamalo pake. "Amayi, bwanji tipangire limodzi? Inu mubweretse zanu, ine zanga."

"Ayi mwanawe, asankha inu. Mfundo imodzi samanga anthu awiri."

Loweruka masana amayi adapita kukasesa tchalitchi ndi kukolopa mabenchi. Nachisale akumanga tsache lake kuti azipita, Eveline adamukodola ali pakhomo la vesitili.

"Amayi, bwerani muone musanapite. Ena onse aona mawa, koma inu nokha ndikufuna muone lero."

Kalipeti idagona pabenchi. Mapepala adali atakana, poti katunduyo adali wamtali ndi wolemera, ndipo zidutswa zong'ambika zidali mbwee pansi. Choncho Eveline adatenga nsalu yoyera yoterera, ya mtundu umene amakongoletsera maholo a ukwati, naikulunga yonse kuyambira uku mpaka uko. Kuti isavuke adaimanga ndi liboni loyera patatu, mbali ino, pakati, ndi mbali inayo. Nsonga zonse ziwiri adazifinya ngati switi. Pamwamba adagonekapo nkhata ya maluwa a makoko.

Nachisale sadaone switi. Padali ntchito ina imene manja akewo ankagwira, imene anthu saitchula pa ukwati. Mayi akamwalira m'mudzimo, iye adali mmodzi wa olowa m'nyumba ya siwa kukasambitsa thupi ndi kulikulunga m'nsalu yoyera. Amamanga patatu, kumutu, m'chiuno ndi kumiyendo. Kale mabokosi asadachuluke ankanyamula choncho pamapewa mpaka kumanda, ndipo aliyense wa msinkhu wake adazionapo ndi maso. Eveline, wokulira m'tauni momwe maliro amachokera kumochale ali kale m'bokosi, adali asadalowepo m'nyumba ya siwa.

"Mukuona bwanji, amayi? Ndati zoyera chifukwa ndi abusa. Zofiira zija ndi za ukwati."

Mawu adali pakamwa, ndipo adali ochepa. Masulani pakatipo. Onjezani chitenje cha maluwa. Musanyamule pamapewa. Nachisale adayang'ana mfundo zija. Zidali zofanana zonse zitatu, makutu a liboni atatambasuka bwinobwino, nsalu yopanda khwinya ngakhale limodzi. Adayang'ana maluwa a makoko, maluwa ake, osalala kuposa onse amene iye adapangapo.

"Mwamanga molimba," adatero.

"Zoona, amayi? Mtima wanga ukhale pansi?"

"Sizimasuka zimenezo."

Eveline adamugwira dzanja ndi manja awiri, nathokoza, nakiya vesitili.

Panjira yokwera kwawo Nachisale adadziuza kuti sadaname. Adadziuzanso kuti amene adasankha ndi Lusiya, ndiye aone yekha. Pamtsinje adaima. Adakumbukira mayi busa, amene adamukhalira pambali masiku atatu pa maliro a mwana wake woyamba, ndipo adatembenuka nayenda mapazi khumi kubwerera kutchalitchi. Kenaka m'makutu mudamveka mawu aja akuti kudzakhala ojambula kanema. Adatembenukanso nawoloka.

A Mbewe adamupeza pakhonde akusenda mtedza, makoko akuponya m'lichero, mtedza akutaya pansi.

"AnaChisale, lero tidya makoko? Nkhuku ndiye zikukuthokozani."

Nachisale adayang'ana pansi, nayamba kutola.

"Zatha bwanji za mtsikana uja?"

"Wamanga."

"Bwino?"

"Mukaona mawa."

Lamulungu tchalitchi chidadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Panja padaima magalimoto asanu. Ulaliki utatha, magulu adayamba kupereka. Achinyamata adakoka mbuzi yomwe idakana kuyenda, anthu n'kumaseka. Akulu a mpingo adabweretsa mpando wa khushoni. Kenaka amayi a Chigwirizano adatuluka kukandanda panja, Lusiya ali kutsogolo kwa mzere poti ndiye woyambitsa nyimbo. Mphatso idayenera kutuluka m'vesitili pomaliza n'kutsata kumbuyo. Onyamula adali amayi atatu achitsikana, chifukwa cha kulemera, ndi Nachisale wachinayi.

"AnaChisale, pitani kuvesitili, nthawi yatha," adatero Lusiya.

"Bondo langa ladzuka. Sindingathe."

Lusiya adamuyang'ana. Adali atamuona m'mawa womwewo akukwera chitunda cha kutchalitchi opanda ndodo. Koma wolengeza adali ataitana kale kawiri, ndiye adangotuma mayi wina wachitsikana. Nachisale adalowa m'tchalitchi akutsimphina, nakhala pansi. Kusenza chinthu chimenecho paphewa lake, m'nyumba ya Mulungu, abusa ali moyo, ndi chokhacho chimene sakadatha.

Amayi adalowa awiriawiri, mabulauzi oyera, maduku oyera, yunifolomu yomweyo imene amavala poperekeza maliro. Ankaimba pang'onopang'ono, akuponda kamodzikamodzi. Kumbuyo kwawo kudatulukira anayi aja. Adayamba anyamulira m'manja, koma kalipeti inkaterera m'nsalu muja, ndiye pakhomo penipeni adaikweza pamapewa. Eveline ankatsata pambuyo akumwetulira.

Nyimbo idayamba kufera kumbuyo. Benchi lililonse limene katunduyo ankadutsa linkatseka pakamwa, chete uja n'kumayenda naye limodzi kupita kutsogolo. Mayi wina wachikulire adagwira kumutu nati, "Mayo ine!" A Obadiya, mkulu wa mpingo amene makutu adawathawa kalekale, adaimirira nafunsa mokweza monga amachitira ogontha, "Kodi watisiya ndani?"

Lusiya adatsala akuimba yekha. Atatembenuka, nyimbo idamuthera pakhosi. Onyamula aja, posadziwa chochita, adafika kuguwa nagoneka katundu wawo pamapazi pa abusa, maluwa ali pachifuwa.

Mayi busa adagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Iwo ndi amene adagona pansi pa bedi la kuchipatala masabata asanu. Misozi idatsika osapukuta. Eveline ankayang'ana uku ndi uku, kumwetulira kukadali pankhope koma kukusowa pogwira, mpaka mayi wina adamunong'oneza m'khutu. Nachisale adaona nkhopeyo ikugwa. Adali atailakalaka nthawi imeneyi zaka ziwiri, ndipo sadayang'ane kumbali.

Abusa adayang'ana chinthucho nthawi yaitali. Kenaka adatsamira ndodo yawo naimirira.

"Amayi anga, mwafulumira," adatero. "Adokotala andiwonjezerako timasiku."

Kuseka kudaphulika, kosalongosoka, ena akuseka uku akupukuta m'maso. Mayi busa sadaseke. Adadzuka natulukira khomo la m'mbali.

"AnaChisale!" Lusiya adaitana. "Masulani chinthuchi!"

Nachisale adafika kuguwa msangamsanga, kutsimphina kuja ataiwala. Mfundo zidalidi zolimba, ndipo yapakati adachita kuiluma ndi mano. Adasolola nsalu yoyera naipinda mofulumira n'kuibisa kuseri kwa guwa. Adatambasula kalipeti pamapazi pa abusa, yofiira ndi mizere yakuda, namwaza maluwa a makoko aja m'mbali mwake, nagwada. Abusa adavula nsapato imodzi naponda. Tchalitchi chonse chidaomba m'manja, nthungululu zidalira, wojambula adamulozetsa kamera kumaso. Zidamukomera. Zidamukomera kwambiri, ndipo adazengereza kudzuka.

Panja, anthu akubalalika, Lusiya adamukokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ndinalakwa ine. Kuyambira lero za mpingo zonse ndi zanu, palibenso zoyesa."

"Ndamva, anaNkhoma."

Lusiya adayang'ana pansi, cha m'miyendo mwa mnzakeyo. "Bondo lachira msanga."

"Limatero."

"Eee. Limaterodi."

Lachitatu m'mawa Eveline adafika pakhonde. Ulendo uno sadanyamule kanthu, ndipo sadagwade. Adakhala kumapeto kwa khonde, mapazi ali pabwalo. Pambali pa Nachisale padali kale katoni ya mapoto, mphatso yolandirira abusa atsopano, ndipo iye ankapota khonje.

"Amayi, Loweruka lija munadziwa?"

Khonje lidayenda pantchafu kawiri.

"Ndinadziwa."

"Masiku atatuwa sindinatsegule shopu. Ndakhala ndikufufuza m'mutu mwanga. Ndikadakhala kuti ndinakunyozanipo, ndikadamvetsa. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Nanga?"

Nachisale adafuna kunena za Lusiya, za ojambula kanema, za Vanessa ndi chithunzi chake. Zonsezo zidali zoona, koma silidali yankho. Nkhuku idakwera pakhonde, naithamangitsa ndi chigongono.

"Mumatha," adatero, maso ali pa khonje. "Mukadakhala wosatha ndikadakuuzani."

Eveline adaseka kamodzi, kuseka kouma.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikudikira kuti mudzanene mawu amenewo. Sindinkadziwa kuti adzabwera chonchi." Adadzuka nasasa siketi yake. "Kwa mayi busa ndinapita Lolemba kukapepesa. Anandikhululukira, akuti mwana wa m'tauni sangadziwe. Anafunsa za inu. Galimoto yawo ibwera mawa m'mawa."

Nachisale sadapite kwa mayi busa. M'mawa mwake ali kudimba adaona lole ikutsika msewu wa kumunsi, katundu ali mulu, kalipeti ili pamwamba yomangidwa ndi zingwe za labala. Mayi busa adakhala kutsogolo ndi abusa. Kaya adamuona kaya ayi, iye adawerama n'kumazula udzu mpaka fumbi litatha.

Mphatso za mpingo zili m'manja mwake mpaka lero. Mapoto aja adawakulunga m'nsengwa ziwiri zazikulu, ndipo abusa atsopano adati sadaonepo zotere. Eveline amabwera ku Chigwirizano, amaimba, amasesa nawo, amamupatsa moni wa ulemu wonse, koma za kukulunga sayankhulapo. Shopu yake idasamukira m'chipinda chachikulu pafupi ndi siteji, ndipo akwatibwi a ku Dowa Boma amachita kutumiza katundu pa minibasi.

Mwezi wathawu, pa ukwati wa mdzukulu wa Lusiya, pathebulo padali bokosi la ku Mponela lokulungidwa mwa njira yatsopano, pepala litapindidwa mizeremizere ngati siketi ya sukulu. Nachisale adayandikira ngati akukonza nsalu ya pathebulo. Adalinyamula bokosilo, nalitembenuza, nayang'ana kunsi ndi m'mbali monse, kufuna pamene selotepi yaonekera. Sadapapeze.